Chivomezi chikadutsa: mmene mungadziwire mng'alu woopsa pakhoma, panthaka ndi pamsewu kuno kuchigwa cha Shire

Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje munthu akatchula ngozi, maganizo amathamangira kumadzi. M'pomveka. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anatizoloweretsa kugona khutu lili ku Shire ndi ku Ruo. Koma chigwa chomwechi chili ndi ngozi ina yosachenjeza ndi mitambo. Chitunda chija mumatsika pochoka ku Blantyre kudzafika pa Thabwa ndi pamene thanthwe la pansi linathyoka kalekale, mbali ya kuno n'kumira, mbali ya ku Thyolo n'kutsala m'mwamba. Akatswiri a za miyala amautcha mng'alu wa Thyolo, ndipo ndi gawo la chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, chomwechi muli nyanja ya Malawi. Kung'ambikako sikunathe. Thanthwe likatsetsereka mwadzidzidzi pansipo, ife pamwamba timamva chivomezi.

Pa 8 Malichi 2018 chivomezi cha mphamvu pafupifupi 5.5 pa sikelo yoyezera zivomezi chinayambira kufupi ndi boma la Nsanje, masana dzuwa likuswa mtengo. Mu Febuluwale 2006 china chachikulu, cha mphamvu 7.0, chinachitika usiku ku Machaze m'dziko la Mozambique n'kumveka m'mayiko onse ozungulira, ndipo komweko nthaka inang'ambika mtunda wautali, mbali ina n'kutsika kupitirira mita imodzi. Cha ku Salima cha mu Malichi 1989 chinapha anthu 9 ndi kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pogona. Cha ku Karonga mu Disembala 2009 chinapha anthu anayi ndi kuwononga nyumba zikwizikwi.

Chovuta kwathu kuno n'chakuti makoma ambiri ali kale ndi ming'alu. Ina anaibweretsa ndi makande, ina madzi osefukira, ina mchere wa m'dothi. Ndiye dziko likagwedezeka, wina amathawa nyumba yabwinobwino chifukwa cha kamng'alu ka pulasitala, pamene mnzake akumata ndi simenti mng'alu woti ugwetsa khoma. Wachiwiriyu ndiye wochuluka, ndipo malangizowa ndawalembera makamaka iyeyo.

Choyamba: tulukani, ndipo musafulumire kubwerera

Kugwedezeka kukangoleka, aliyense atuluke, mbaula kapena moto wa kukhitchini uzimitsidwe, ndipo ngati nyumba ili ndi magetsi thimitsani pa switchi yaikulu. Pabwalopo imani patali ndi khoma lililonse, mtunda woposa kutalika kwa khomalo. Mpanda wa njerwa ndiye woipitsitsa, chifukwa palibe chougwira pamwamba. Ana amakonda kubisala m'mbali mwake. Pewaninso pansi pa mawaya a ESCOM.

Chivomezi sichibwera chokha. Pambuyo pake pamabwera zina, kawirikawiri zocheperapo, koma osati nthawi zonse. Ku Karonga choyamba chachikulu chinali pa 6 Disembala, ndipo champhamvu kuposa zonse chinafika patatha pafupifupi milungu iwiri, usiku anthu ali mtulo. Khoma lomwe linapirira choyamba lili ndi mng'alu silikhala ndi mphamvu yomwe ija pa chachiwiri. N'chifukwa chake nyumba yomwe simunaiyendere bwinobwino musagonemo.

Kugona panja si kwachilendo kuno, mwezi wa Okutobala tonse timayala mphasa pabwalo. Koma nthawi ino pakhonde ayi. Zipilala za khonde nthawi zambiri ndi njerwa zongosanjikiza popanda chitsulo m'kati, ndipo ndizo zimayamba kugwa. Yalani pabwalo penipeni, mangani neti ku mitengo yozika, poti udzudzu wa kuchigwa sudziwa kuti kwachitika chivomezi.

Chachiwiri: zungulirani nyumba kunja, muyambire kumwamba

Dikirani kuche. Ntchitoyi si ya tochi. Munthu wamkulu mmodzi kapena awiri akwanira, ana akhale kutali.

Yambani ndi denga. Kodi mzere wa pamwamba pa malata ndi wowongoka monga kale, kapena wafwamphuka penapake? Mitengo ya denga ikadali pomwe inakhala pakhoma, kapena yasuntha n'kusiya chizindikiro? Ngati munasanjika miyala, njerwa kapena matayala pamwamba pa malata poopa mphepo, monga timachitira ambiri, onani zomwe zasendera kumphepete ndipo muzikankhe ndi mtengo wautali muli chapatali.

Kenako khoma la nsonga lija amisiri amati gebulo. Limeneli ndi lalitali kuposa makoma onse, nthawi zambiri lopyapyala, ndipo palibe khoma lina loligwira kumwambako. Yang'anani mng'alu wopingasa pamene nsongayo yayambira. Ukakhalapo, ndiye kuti gebulo yense anagwedera payekha ndipo wangotsamira.

Mukatero imani pangodya iliyonse, tsinzinani diso limodzi, muyang'ane motsata khoma. Khoma lotupa pakati kapena lopendekera kunja limaoneka msanga mukaliyang'ana chonchi kusiyana ndi kuliyang'ana chamaso. Kuti mutsimikize, mangirirani mwala kuchingwe, mnzanu achigwire pamwamba pakhoma ndi ndodo, muone ngati mpata wa pakati pa chingwe ndi khoma uli wofanana kumwamba ndi pansi. Ngati khoma lapendekeka moti diso likuona lokha, musavutike n'kuyeza. M'nyumbamo musalowe.

Kunja kukaoneka bwino, yesani chitseko. Chitseko chomwe dzulo chimatseguka mosavuta koma lero chikukakamira chikukuuzani kuti felemu yapotoka, ndiye kuti khoma lasuntha. Musachimenye ndi phewa. Chikatseguka, chisiyeni chotsegula nthawi yonse muli m'kati.

Chachitatu: siyanitsani mng'alu watsopano ndi wakale

Apa m'pamene anthu amakanganirana, mwini nyumba akuti unalipo kale, mkazi wake akuti ayi. Mng'alu womwewo umayankha. Wakale m'kati mwake mumakhala fumbi lakuda, ulusi wa kangaude, nthawi zina dothi la chiswe, ndipo milomo yake ndi yoperepeseka. Ngati munapakapo laimu kapena penti, mupeza kuti analowa m'katimo. Watsopano milomo yake ndi yakuthwa, njerwa m'kati ikuoneka yofiira bwino ngati yongoswa kumene, ndipo pansi pake pamakhala timibulu ta pulasitala ndi fumbi loti silinasesedwe. Samalani ndi wakale womwe watalika: kumunsi wakuda, kumapeto kwake koyera. Umenewo chivomezi chauonjezera, ndipo muutenge ngati watsopano.

Tsopano onani kayendedwe kake, chifukwa mng'alu uliwonse umatsata chomwe chinaubweretsa.

Timing'alu tating'onoting'ono tolukanalukana pamwamba pa pulasitala, tosalowa m'njerwa, si ta chivomezi. Ndi pulasitala amene anauma msanga ndi kutentha kwa kuno, mmisiri osamuthirira madzi. Gogodani ndi chala chopinda. Pakamveka phokoso la m'phanga, pulasitala wasiyana ndi njerwa ndipo akhoza kugwera munthu, koma khoma lenilenilo lingakhale lili bwino. Gumulani pang'ono muone njerwa zake.

Mng'alu wokwera mwamasitepe kutsata mizere ya njerwa, woyambira pansi kufupi ndi ngodya, wotakata mbali imodzi n'kumaning'a mbali inayo, kawirikawiri ndi wa maziko. Aliyense womanga pa makande a ku Ngabu ndi madera ozungulira amaudziwa. Dothi lakuda lija limafufuma likamwa madzi ndipo limakhwinyata likauma, ndiye nyumba imakwera n'kutsika chaka ndi chaka. Mng'alu wake umayasama mu Okutobala ndi Novembala, mvula ikagwa n'kutsekeka pang'ono. Nyumba zomwe zinamira m'madzi osefukira zimachitanso chimodzimodzi, poti dothi la pansi pa maziko linafewa kapena kukokoloka. Mng'alu wotere suyamba ndi chivomezi, koma chivomezi chimaupeza khomo lotsegula kale.

Ya chivomezi yeniyeni ilipo itatu yofunika kuidziwa. Wina ndi wopingasana ngati chilembo cha X, womwe umaoneka pakhoma la pakati pa mawindo awiri kapena pakati pa windo ndi chitseko. Umabwera chifukwa nyumba inakankhidwira uku n'kubwezedwa uko. Nthawi zina umangooneka mwendo umodzi, kuchokera pangodya ya windo kukwera chopendekera. Wina ndi wopingasa, wautali, wotsata mzere umodzi wa njerwa m'munsi mwa mawindo kapena m'munsi mwa denga; umasonyeza kuti khoma linaweramira kunja n'kubwerera.

Wachitatu ndiye ndimauopa kuposa yonse, ngakhale suoneka moopsa: mng'alu woongoka wotsika pangodya pomwe makoma awiri akumana, kapena pomwe khoma la chipinda lakumana ndi la kunja. Nyumba imaima chifukwa makoma amagwirana. Akasiyana pangodya, lililonse laima palokha, ndipo khoma la njerwa loima lokha silichedwa kugwa chonse chathunthu. Mukaima m'kati masana n'kuona kuwala kwa dzuwa kukulowera pangodya, usiku umenewo musagone chipinda chimenecho.

Onaninso m'munsi mwa khoma. Madera ambiri a kuchigwa madzi a pansi ndi amchere, ndipo chinyontho chikakwera m'njerwa chimasiya zoyerayera, njerwa n'kumafumbutuka mukaikanda ndi chikhadabo. Khoma lodyeka m'munsi chonchi, kaya ndi mchere, kaya ndi madzi osefukira pa nyumba ya zidina, ndi lofooka ngakhale lilibe mng'alu ndi umodzi womwe.

Chachinayi: yezani, lembani tsiku, mudikire

Maso amanama. Mng'alu womwe mumauona tsiku ndi tsiku simungadziwe kuti ukukula pokhapokha mutauika chizindikiro.

Yezani pomwe watakata kwambiri. Rula ya mwana wasukulu ikwanira, koma ngakhale popanda rula mungathe. Wongolowa tsitsi kapena nsonga ya lezala sunafike milimita imodzi. Wolowa kamtengo ka machesi uli cha m'ma milimita awiri. Wolowa pensulo wapitirira milimita asanu, ndipo apa nkhani yayamba kukula. Wolowa chala cha munthu wamkulu uli cha m'ma milimita 15 kapena kuposa. Yang'ananinso kuseri kwa khoma ngati mng'aluwo watulukira. Wobowoleza mbali zonse ziwiri ndi woopsa kuposa wa mbali imodzi, ngakhale utakhala wochepa. Pomaliza yendetsani chala modutsa mng'aluwo. Mbali imodzi ikakhala yotulukira kunja kuposa inzake, khoma silinangong'ambika, lasuntha.

Lembani kamzere ka pensulo kumapeto onse awiri a mng'alu, ndi tsiku pambali pake. Kenako kandani simenti pang'ono ndi mchenga wosefa, mumate kachigamba kopyapyala, kotalika ngati chala, modutsa mng'aluwo, pamalo awiri kapena atatu. Pakhoma lopaka penti palani kaye kuti kagwire. Kachigambako sikokonza, ndi mlonda. Khoma likasuntha ngakhale pang'ono, kamasweka. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani mng'alu uliwonse rula kapena bokosi la machesi lili pambali, kuti wodzaona chithunzi adziwe kukula kwake.

Muzionapo tsiku lililonse sabata yoyamba, makamaka kukachitikanso kachivomezi kena, kenako kamodzi pasabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa makande ndi bwino kudikira mpaka mng'alu udutse chilimwe ndi dzinja musanawononge ndalama, chifukwa mukamata mu Okutobala uli chiyasamire, mvula ikabwera dothi lidzafufuma n'kuswa pena. Koma kudikiraku n'kwa ming'alu yaing'ono yokha. Wa pangodya, wa gebulo ndi wa khoma lopendekeka sadikiridwa.

Chachisanu: gamulani zogona kapena kusamuka

Ngati mwapeza timing'alu ta pulasitala tokha, kapena ing'onoing'ono yosabowoleza ndipo siikukula, gonani m'nyumba mwanu, mudzakonza mukapeza ndalama. Ngati chipinda chimodzi chili ndi mng'alu wolowa pensulo kapena wa X, tsekani chipinda chimenecho, chotsani mabedi m'mbali mwa khomalo, ndipo muitane mmisiri sabata yomweyo.

Koma khoma likapendekeka, ngodya ikatseguka, gebulo akaduka m'munsi, lintala ya pamwamba pa chitseko ikasweka, mitengo ya denga ikachoka pamalo pake, kapena mng'alu ukamakula mukuuona, samukani. Ndikudziwa chomwe chimabweza anthu: matumba a mapira ndi chimanga ali m'katimo, ndiye kuopa akuba. Tulutsani katundu masana, mwachangu, munthu mmodzi ali panja kuyang'ana khoma. Mukafuna kulichirikiza, imikani mitengo yolimba kunja mopendekera, thabwa lili pakati pa mitengoyo ndi khoma kuti mphamvu isagwere panjerwa imodzi, kumunsi mutaikhomerera ndi zikhomo. Kuchirikizaku n'kongoti khoma lisagwere anthu podikira kukonza. Sikusandutsa nyumbayo kukhala yogonamo.

Chachisanu ndi chimodzi: kukonza, osati kubisa

Mmisiri wina akafika amangoti, "Musadandaule bambo, apa tingomata, mawa muiwala." Muyankheni mwaulemu kuti, "Achimwene, tagumulani kaye pulasitalayo tione njerwa." Mmisiri wabwino sakhumudwa nazo. Simenti yopaka pamwamba pa mng'alu imangotseka maso anu, khoma likadali magawo awiri m'kati.

Mng'alu waung'ono wosakula ukulitseni pang'ono ndi tchizulo, chotsani fumbi lonse, nyowetsani bwino, mudzazemo simenti yosakaniza muyezo umodzi ku miyezo inayi ya mchenga. Muzithirira madzi masiku asanu ndi awiri. Ndi dzuwa la kuno, simenti yosathirira imapsa isanagwire, ndipo mchenga wake ukhale wotsuka wa mumtsinje, madzi ake asakhale amchere.

Wobowoleza umafuna kusoka. Mmisiri agobe simenti ya pakati pa njerwa m'mizere yopingasa, mzere wachitatu kapena wachinayi uliwonse, kutalika theka la mita mbali iyi ndi theka la mita mbali inayo ya mng'alu. M'mizeremo alowetse waya wolimbitsira khoma uja amati brickforce kapena chitsulo chaching'ono, n'kutseka ndi simenti. Njerwa zosweka zichotsedwe imodziimodzi, kulowetsamo zamphumphu. Pomaliza akhomere waya wa sefa wa nkhuku pamalopo, mbali zonse ziwiri za khoma, asanapake pulasitala.

Ngodya yotseguka simatidwa, imamangidwanso. Chirikizani denga, gumulani mbali zonse ziwiri mosiya mano, mumangenso njerwa zikulowerana, waya wopindika motsata ngodya ali m'mizere. Gebulo wosweka mutsitseni. Ine ndikanakonda anthu akanaleka kumubwezeretsa ndi njerwa, n'kutseka nsongayo ndi malata kapena matabwa. Amati sizioneka bwino, koma lata likagwa si loopsa ngati njerwa, ndiponso mukasiya kampata mphepo imalowa, chomwe ku Nchalo kapena ku Bangula si chinthu chochepa.

Denga likatsitsidwa, musaphonye mwayi woika bimu ya konkire yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo ndi zitseko, yodutsanso pamakoma a zipinda, zitsulo zake zolumikizana pangodya popanda kuduka. Ntchito yake ndi ya mkombero wa lichero: ukachoka, nsungwi zonse zimamwazika ngakhale zili zolimba. Lintala yongokhala pamwamba pa windo lililonse payokha siigwira ntchito imeneyi. Konkire wake akhale muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Musanathire, zikanimo waya wokhuthala womangira mitengo ya denga, kuti miyala ija ichoke pamwamba pa malata. Bimu yomweyi imathandizanso pa makande ndi pa mphepo ya namondwe, choncho ndalama yake siipita pa chivomezi chokha.

Nyumba ya zidina kapena ya njerwa zomangira dothi musaidzaze simenti m'ming'alu, chifukwa simenti ndi dothi sizigwirana. Konzani dothi ndi dothi lomwe, ndipo m'malo mwa konkire mungaike mitengo yowongoka yozungulira pamwamba pa khoma, yokhomedwa bwino pangodya ndi yotetezedwa ku chiswe. Kunena zoona, khoma la zidina lomwe linamirapo m'madzi kenako n'kung'aluka ndi chivomezi, kuligwetsa n'kotchipa kuposa kulinyengerera.

Pomanganso, khoma la kunja likhale la njerwa ziwiri m'lifupi, osati lija la njerwa imodzi yogoneka m'litali lomwe timathamangira populumutsa njerwa. Windo kapena chitseko chisayandikire ngodya kuposa masentimita 60. Pa makande maziko akumbidwe mozama ndipo madzi a padenga asamagwere m'mbali mwa khoma. Kakhonde ka simenti kozungulira nyumba kamathandiza kuti dothi la pansi lisamanyowe ndi kuuma mosinthasintha. Chitachitika chivomezi cha ku Karonga, boma linatulutsa buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, Safer House Construction Guidelines. Kafunseni ku ofesi ya zomangamanga kukhonsolo.

Chachisanu ndi chiwiri: ming'alu ya panthaka

Makande amang'ambika chaka chilichonse, ming'alu yolowa dzanja, yolumikizana m'timagawo tozungulira munda wonse. Imeneyo ndi ya dzuwa, ndipo mvula yoyamba imaitseka. Ya chivomezi imasiyana: ndi yaitali, imalowera mbali imodzi, imadutsa njira, bwalo ndi pansi pa nyumba osapatuka, ndipo nthawi zambiri mbali imodzi imakhala yotsika kuposa inzake. Ku Karonga mu 2009 mng'alu wotere unayenda makilomita angapo. Nyumba yomwe wadutsa pansi pake siimangidwanso pomwepo, ngakhale mutakhala ndi simenti yochuluka bwanji.

Kwa ife a m'mphepete mwa Shire, Ruo ndi Mwanza, ndi olima m'madimba a ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi, choopsa china ndi mchenga wonyowa wa pansi. Ukagwedezeka kwambiri umataya mphamvu n'kukhala ngati phala, nthaka ya pamwamba n'kutsetserekera kumtsinje. Zizindikiro zake ndi ming'alu yotsatana ndi gombe, ingapo motsogozana, ndi timilu ta mchenga wosalala tokhala ndi kabowo pakati pomwe madzi anatumphukira. Izi zinaoneka ku Machaze ndi ku Karonga komwe. Mukaziona, musayende kapena kumwetsa ng'ombe pakati pa mng'alu ndi mtsinje, poti gombe limenelo laduka kale.

Okhala m'tsinde mwa mapiri, ku East Bank konse kuyambira ku Thabwa mpaka ku Muona, ndi kumapiri a ku Chididi, akwere akaone kumtunda kwa mudzi. Mng'alu wokhota ngati uta pamwamba pa chitunda, mitengo yopendekera kumunsi, kasupe wotuluka pomwe panalibe kapena wouma mwadzidzidzi, zonsezi zikutanthauza kuti dothi lasiyana ndi thanthwe. Likhoza kukhala chomwecho miyezi, n'kudzatsika tsiku la mvula yamphamvu. Tinaona pa Freddy zomwe matope ochoka m'phiri anachita ku Soche ndi ku Mulanje. Khomani zikhomo ziwiri, china uku china uko kwa mng'alu, yezani mpata wake ndi chingwe, muzibwerako sabata iliyonse. Mpata ukamakula, mabanja a kumunsi asamuke mvula isanayambe. Ngati mng'aluwo sukuyenda, utsekeni ndi dothi lotsendera ndipo mupatutse ngalande kuti madzi asamalowemo.

Chimbudzi musachiiwale. Dzenje la m'dothi lamchenga limagumukira m'kati silabu pamwamba ikuoneka bwinobwino. Onani ngati nthaka yozungulira yatsika kapena silabu yapendekeka musanalole ana kulowamo. Chitsime kapena mjigo ukayamba kutulutsa madzi amatope, kapena simenti yozungulira mjigo ikasweka moti madzi akuda akubwerera pansi, wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini mpaka akomiti ya mjigo akonze. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 sitinamuiwale.

Chachisanu ndi chitatu: msewu, mlatho ndi zotchinga madzi

Phula long'ambika m'timagawo ting'onoting'ono ndi kukalamba kwa msewu ndi kulemera kwa malole. Choti muope ndi mng'alu wodula msewu wonse wokhala ndi sitepe, kapena wautali wotsata m'mphepete pomwe msewu anaukweza ndi dothi lothira. Malo ofooka kwambiri ndi polowera pamlatho ndi pamwamba pa makalavati, chifukwa konkire imakhala pomwepo koma dothi lothira limatsika. Woyendetsa galimoto, njinga yamoto kapena ngolo aime, atsike, akaone wapansi. Yang'anani ngati zitsulo za m'mbali mwa mlatho zikadali pamzere umodzi. Zikathyoka mzere, china chasuntha kunsi. Pa M1 pokwera chitunda cha ku Blantyre yembekezerani miyala yogubuduka masiku otsatira, makamaka kukagwa mvula.

Mukapeza malo oipa, ikani nthambi zamasamba pamsewu patali ndithu mbali zonse ziwiri, monga timachitira lole ikafa, ndipo muuze apolisi apafupi kuti uthenga ufike ku bungwe loona za misewu la Roads Authority kapena kukhonsolo. Kuthiramo dothi n'kumalipiritsa odutsa, monga amachitira anyamata ena, kumangobisa dzenje lomwe likukulabe pansi.

Madayiki otchinga madzi ndi ngalande za ulimi wothirira zimafunanso kuyenderedwa. Mng'alu wodula dayiki kuchoka mbali ya mtsinje kufika mbali ya mudzi ndi njira yomwe madzi adzadzere mu Januwale. Umenewo ukanenedwe msanga chilimwe chisanathe.

Kokanena

Yambani ndi a nyakwawa ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Iwo amatumiza uthenga kukomiti ya dera, kenako kukhonsolo ya Chikwawa kapena ya Nsanje, komwe kuli ofesala wogwira ntchito ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ming'alu yaitali ya panthaka ndi ya m'mapiri ndi nkhani ya a nthambi ya boma yoona za miyala ya Geological Survey, omwe likulu lawo lili ku Zomba. Pemphani akhonsolo awadziwitse. Popereka lipoti tchulani mudzi, tsiku, kukula kwa mng'alu pa tsiku loyamba ndi lero, ndipo onetsani zithunzi zija.

Sukulu, tchalitchi, mzikiti ndi chipatala chaching'ono ziyenderedwe ndi munthu wa zomangamanga wochokera kukhonsolo anthu asanayambe kulowamo. Makoma ake ndi aatali, zipinda zazikulu zopanda makoma apakati ozigwira, ndipo ndi nyumba zomwezi timathawiramo madzi akasefukira. Akomiti ya sukulu asavomere kuti ana abwerere m'kalasi yong'aluka pangodya chifukwa choti mayeso ayandikira. Aphunzirire pansi pa mtengo kufikira woyendera atabwera ndi kulemba zomwe wapeza.